Kwa akuluakulu a maphunziro: fizi mwachotsa, nanga mtsikanayu agona kuti?

Olemekezeka a Nduna ya Maphunziro, a Nduna oona za amayi ndi ana, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, ndi inu mabwana a m'makhonsolo,

Ndati ndikulembereni poyera, chifukwa makalata amene takhala tikupereka pamanja sitidziwa kuti amathera mu kabati ya ndani. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Choko ndinachigwira zaka 31, zambiri mwa zakazo mu Sitandade 8, ndipo masiku ano ndimathandizana ndi amayi a mother group, gulu lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu, pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno. Dzina la sukuluyo ndilisunga. Ahedi athu ndi munthu wolimbikira, sindifuna kuti mawa aitanidwe kukayankha za kalata imene sanalembe iwo.

Ndiyambe ndi kuyamika, mungati gogoyu wakalamba ndi madandaulo. Achemwali anga aakulu anachotsedwa sukulu ali Fomu 2, cha m'ma 1980, atapezeka ndi pathupi. Masiku amenewo panalibe zokambirana. Ahedi akuitana lero, mawa sutikesi pamutu, sukulu yathera pomwepo. Mnyamata mwini mimbayo analemba mayeso ake mosatekeseka n'kudzakhala kalaliki m'tauni. Achemwaliwo anali ndi mutu kuposa ine. Samu imene ine ndinkalira nayo usiku wonse, iwo ankaipeza akusenda chinangwa. Lero akugulitsa tomato pa msika. Ndiye pamene mu 1993 Boma linavomereza kuti mtsikana akabereka azibwerera ku sukulu, kulemera kwa lamulolo ine ndinakumva kuposa amene analisayinira.

Zinanso ndinaziona ndi maso angawa. Ndinaona pulogalamu ya GABLE, yolimbikitsa maphunziro a atsikana, ikulipirira fizi atsikana amene sankabwereza kalasi. Ndinalipo mu 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere, ana n'kukhamukira ngati ngumbi mvula ikagwa. M'dziko lonse anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Tinkaphunzitsira pansi pa mtengo wa mango, bolodi titatsamiritsa pa thunthu, koma tinkaphunzitsa ndithu. Mu 2015 munakhazikitsa lamulo la maukwati lakuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 munakonza malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso kanjira kozembera kakuti makolo avomera. Mu 2022 munachotsa msonkho pa mapadi. Kenako mwati kuyambira Januwale 2026 mwana asalipire fizi m'sekondale za boma. Amene anganyoze zimenezi ndiye kuti sanaonepo mayi akugulitsa mbuzi yake yomaliza kuti mwana alembe Fomu 4.

Koma mabwana anga, malamulo onsewa amamudikirira mwana pa chipata cha sukulu. Ife atsikana tikuwataya asanafike pa chipatapo. Tikuwataya pa msewu, ndi pamene akugona usiku.

Sekondale zoyendera zambiri zimene tili nazo zinali malo a MCDE, aja ophunzira mwa makalata, ndipo mu 1998 zinasandutsidwa ma CDSS. Ganizo lake linali lakuti mwana aziphunzira pafupi ndi kwawo, madzulo akagone kwa amake. Pa pepala zimamveka bwino. Koma sekondale imodzi imalandira ana ochokera m'mapulayimale ambirimbiri ozungulira, ndipo pafupi pa mapu a mu ofesi si pafupi pa phazi. Kwathu kuno alipo atsikana amene amachokera mtunda wa makilomita 14. Mwana wotere amadzuka tambala woyamba, atunge madzi, asese pabwalo, atsuke mbale za dzulo, mlongo wake ali chigonere (izi ife makolo tizivomere, ndi mlandu wathu), kenako auyatse ulendo m'mimba mulibe kanthu. Akafika, belu lalira kale, mphunzitsi wa pa dyute amupatsa chikwakwa akatchetche udzu. Piriyodi yoyamba yapita, ndipo pa sukulu yathu piriyodi yoyamba kawirikawiri imakhala masamu. Zotsatira za mayeso zikatuluka timayamba kudabwa, ati atsikana sakonda masamu.

Dzinja likafika mtsinje umadzaza, mwana kukhala sabata yathunthu osaponda m'kalasi. Pa msewu womwewo pali anyamata a kabaza. Ambiri ndi ana athu ongofuna ya sopo, sindikuwanena onse. Koma alipo amene tsiku loyamba amati kwera mlongo, usalipire, dzuwa lakula. Lachiwiri chimodzimodzi. Ngongole yake imadzatuluka mwezi wachitatu, ndipo sailipira ndi ndalama. Bungwe lina linatipatsapo njinga zingapo za atsikana. Zinathandiza chaka chimodzi. Kenako matayala anatha, masipoko kuthyoka, ndipo zina tinkakumana nazo pa msika zitasenza makala, bambo a mwana ali pa chishalo.

Makolo akaona kuti mtunda wamukulira mwana, amamufunira kachipinda ka lendi pa msika wa pafupi ndi sukulu. Teremu yapitayi tinayendera tizipinda timeneti ndi amayi anzanga awiri, ndipo kamodzi sindikaiwala. Kali kuseri kwa shabini, khoma limodzi ndi nyumba yoonetsera mavidiyo. Mkatimo mumagona atsikana anayi pa mphasa ziwiri, wamkulu wa zaka 17, wamng'ono wa zaka 14. Chitseko chilibe loko. Usiku amapinda msomali n'kutsamiritsa ndowa ya madzi, ati wina akakankha amve phokoso. Mayunifolomu anali pa chingwe, makope mu jumbo kuopa kudontha kwa denga. Ndinavundukula poto, munali timikute tochepa. Ufa umene anabwera nawo potsegulira unatha sabata yachitatu, kwawo nako nkhokwe zinali mbee. Ndinafunsa wamkuluyo kuti nanga mukudya chiyani ana inu? Anangoyang'ana pansi. Wamng'ono uja ndiye anayankha, mwa chibwana chake, kuti alipo ankolo ena a mu golosale amene amawabweretsera bonya ndi sopo.

Ine ndine mayi, inunso ndinu makolo. Ankolo amenewo tikuwadziwa tonse, ndipo dzina lawo lenileni ndi zidyamakanda.

Kafukufuku wa Boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, miyezi yochepa yokha Boma linawerenga mimba za ana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Manambala amenewa mumawatchula m'misonkhano ya m'mahotela a ku nyanja, ndipo ndi oona. Ine ndikawamva pa wailesi ndimaona ndowa ija itatsamira chitseko.

Tadzifunsani, bwanji atsikana a ku Providence ku Mulanje, St Mary's ku Zomba, Likuni Girls, Ludzi ku Mchinji, Nkhamenya ku Kasungu kapena Marymount ku Mzuzu amakhoza chaka ndi chaka? Inde kumapita osankhidwa, aphunzitsi ndi mabuku ziliponso. Koma chinanso n'chakuti mwana wa kumeneko amadzuka pa bedi, kumwa phala, kuyenda mphindi zisanu kulowa m'kalasi, madzulo n'kuwerenga pa getsi chipata chili chitsekere. Amene anamanga sukulu zimenezo anadziwa kalekale kuti mtsikana amaphunzira pamene wagona mosaopa. Inunso mukudziwa, n'chifukwa chake ambiri a inu ana anu simuwatumiza koyendera. Koma malo m'sukulu zimenezo ndi owerengeka. Ana ambiri a kumudzi amene ndinawakhozetsa Sitandade 8 anathera ku CDSS, ndipo ndi amenewo ndikuwalankhulira.

Musaganize kuti takhala manja lende kudikira Boma. Zaka 6 zapitazo tinauzidwa kuti sukulu yathu yapatsidwa hositelo ya atsikana, bola ife tipereke njerwa ndi mchenga. Midzi inagawana masiku. Abambo anaumba n'kuwotcha mauvuni atatu. Ife amayi tinatuta mchenga kudambo, ndowa pamutu, mpaka makosi kuuma. Tsiku loika mwala wa maziko kunabwera magalimoto, ife tinavina chimtali, atsikana anachita sewero, alendo anadya mpunga ndi nkhuku zathu. Kontilakitala anamanga mpaka pa mawindo. Tsiku lina tinangoona lole yabwera kudzatenga mawilibala ndi simenti yotsala, ati akukathandiza pena abweranso. Mpaka lero. Mkati mwa zipupazo mwamera tsekera wotalika kuposa ine, ndipo mbuzi za m'mudzi ndi zimene zimapumamo masana. Tikafunsa ofesi iyi amati pitani ofesi iyo, ofesi iyo amati nkhaniyi si ya kuno. Foni ya kontilakitala inasiya kulira. Atsikana amene anachita sewero tsiku lija, amene anayenera kukhala oyamba kugonamo, ena ndimakumana nawo ku sikelo ana ali kumbuyo.

Mabwinja oterewa si athu okha. Aliyense woyenda m'maboma wawaona.

Pempho langa loyamba silifuna ngakhale thumba limodzi la simenti. Werengani mahositelo onse amene anayambidwa osamalizidwa, boma ndi boma, ndipo mndandandawo muusindikize m'nyuzipepala ndi kuuwerenga pa wailesi m'zinenero zimene timamva: sukulu yakuti, ndalama zinatuluka zakuti, analandira ndi uje, ntchito inalekera apa. Amene anadya ndalama osamanga abweze kapena akayankhe kukhoti. Kenako musaikenso mwala wina wa maziko kufikira amenewa atafoleredwa. Ndikudziwa kuti kumaliza ntchito ya mnzako sikukoma ngati kuyamba yako, poti pa chikwangwani pamakhala dzina la wina, mwinanso wa chipani china. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Hositelo imodzi yofolera ikuposa khumi zolonjeza pa msonkhano. Inu aphungu ndi makhansala, ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera, zimabwera m'dera lililonse chaka ndi chaka. Mutiuze pa msonkhano wa mudzi kuti mwa ndalamazo zingati zapita pogona pa atsikana, ndipo ngati palibe, mutiuze chimene chinaposa.

Hositelonso si makoma ndi malata chabe. Popanda metroni wolembedwa ntchito ndi kulipidwa mwezi ndi mwezi, mwangosonkhanitsa anapiye kuti mphamba asavutike kusaka. Pafunika mpanda, mjigo pafupi kuti mwana asapite kudambo mdima uli bii, zimbudzi zokhala ndi zitseko, kachipinda kosinthira akakhala kumwezi, ndi sola yowerengera usiku. Pafunikanso nyumba ya mphunzitsi wamkazi. Sukulu yathu inakhala zaka zitatu popanda mphunzitsi wamkazi ngakhale mmodzi. Amene ankatumizidwa ankafika, kuona kuti pogona palibe, n'kupempha kubwerera kutauni, ndipo sindiwaimba mlandu. Nanga mtsikana amene wadetsa diresi m'kalasi, kapena amene wina akumuvutitsa, akauze bambo?

Za mtengo wake nazo muziganizire msanga. Walira mvula walira matope: fizi mwachotsa, ana achuluka, ndipo owonjezerekawo ndi a kutali ndi osauka, aja amene kale sankayesa n'komwe. Mukaika mtengo wa hositelo wokwera kuposa lendi ya kuseri kwa shabini, mudzagonamo ana a ochita malonda ndi a ife aphunzitsi, anayi aja adzatsala pomwe ali. Lolani makolo azipereka chimanga ndi nyemba nthawi yokolola m'malo mwa ndalama. Mwana wamasiye ndi wochokera pa banja lolandira Mtukula Pakhomo agone ulere.

Zoti kandalama kochepa kamasunga mtsikana pa sukulu si nkhani yongoganizira. Ku Zomba mu 2008 ndi 2009 akafukufuku anayesa kupereka ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo. Osiya sukulu anachepa, ndipo mwa ena mimba ndi maukwati zinachepanso. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ali kale ndi kowonjezera ka ana a sukulu. Njira ilipo, chimene chimatipweteka ndi nthawi. Njala ya ana a pa lendi imafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo basale yofika chimanga chitacha imapeza mwana atapita kale.

Tsopano za obwerera. Lamulo la 1993 lija munalikonzanso mu 2018, ndipo ife timaligwiritsa ntchito. Timayenda khomo ndi khomo, kunyengerera makolo, kuperekeza mwana kwa ahedi ndi kalata yake. Koma pa sukulu palibe amene anauzidwa kuti khandalo atsala nalo ndani. Chaka chatha tinabweza atsikana asanu, pofika teremu yachiwiri anatsala awiri. Mmodzi mwa awiriwo amake anamwalira, ndiye ife amayi timasinthana kulera kamwanako pansi pa mtengo wa kesha kuseri kwa kalasi. Belu la buleki likalira amathamanga kudzayamwitsa, bulauzi itanyowa pachifuwa, anyamata akusuzumira pa windo. Iye amapirira. Chimene chinamugwetsa mphwayi ndi mphunzitsi wina, bambo wa ana ake ndithu, amene tsiku lina pa phunziro la zamoyo anati ntchembere iyo itiyankhe poti zambiri ikuzidziwa. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Mwanayo sanabwere masiku atatu, tinachita kukamutenga kumunda.

Sukulu za mmera mpoyamba zili pansi pa inu a unduna woona za amayi ndi ana, sekondale zili pansi pa a maphunziro. Kodi n'zovuta kuti maunduna awiri mukhale pansi, imodzi ya mmera mpoyamba izikhala pafupi ndi sekondale iliyonse yoyendera, mlezi wake aziphunzitsidwa kusamala ngakhale makanda? Ndipo m'makoleji a aphunzitsi muziwauza ndithu za lamulo lobwererali, kuti pakamwa pa mphunzitsi pakhoza kuchotsa mwana amene lamulo lamubweza.

Pali nkhani ina imene ife aphunzitsi sitikonda kuinena, koma ndapuma, ndilibe choopa. Pa zaka zanga 31 ndinaonapo aphunzitsi angapo atachimwitsa ana a m'kalasi mwawo. Chilango chimene ndinachiona kawirikawiri ndi kusamutsidwa. Munthu wawononga mwana kuno, mukumupatsa lole yonyamula katundu kuti akayambe pena pamene sakumudziwa. Makolo amatsekedwa pakamwa ndi thumba la feteleza, nkhani n'kuthera pabwalo. Mphunzitsi wogona ndi mwana wa sukulu malo ake ndi kupolisi, ndipo dzina lake lifufutidwe m'kaundula wa aphunzitsi.

Mafumu mbali yawo ayesetsa. Malemu Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankawavomereza, ndipo mafumu ambiri atengerapo. Kwathu kuno wokwatitsa mwana amalipira mbuzi. Koma mfumu ikathetsa ukwati, mwana amabwerera m'nyumba yomwe ija munalibe ufa, pa mtunda womwe uja wa makilomita 14. Mfumu siingamange hositelo ndi mbuzi za chindapusa. Tikapanda kumupezera pogona ndi chakudya, pakatha miyezi itatu timamva kuti wabwerera kwa mwamuna uja, ulendo uno mozemba, kumudzi kwina kumene mfumu yathu ilibe mphamvu.

Amayi akuluakulu nawo musawaiwale. Mwa amayi 10 a m'gulu lathu, anayi sadziwa kuwerenga. Mwana akabweretsa lipoti amangoyang'ana ngati muli inki yofiira, ndipo ana ochenjera amawanamiza kuti yofiirayo ndiye yokhoza. Sukulu ya kwacha ya m'mudzi mwathu inafa mwakachetechete, mlangizi atatopa kudikira kandalama kake n'kuyamba geni ya zitumbuwa. Amayiwo akufuna kuphunzira. Amandipempha ndiziwaphunzitsa maina awo Lachinayi tikamaliza kusoka mapadi a nsalu, ndipo ndimatero, koma ine ndi mmodzi, masonso ayamba kuchita chidima. Achemwali anga aja mpaka lero amati atapeza kalasi ya madzulo yotsika mtengo akhoza kulemba MSCE, imvi zili mbuu.

Wina ati nanga anyamata? Nawonso akuvutika. Ena akuthera ku nyanja, ena m'minda ya fodya, ena pa msewu wa ku Joni. Ndinawaphunzitsa ndipo ndimawakonda, nawonso muwaganizire. Koma mnyamata akagona kuseri kwa shabini sadzuka ndi mimba.

Ngati mukuona ngati ndikukokomeza, bwerani mudzaone nokha. Musabwere mu Julayi misewu itauma, mubwere mu Febuluwale. Musatumize uthenga, chifukwa mukatumiza tidzasesa, tidzapaka laimu pa miyala, ana adzaphunzitsidwa zoyankha. Galimoto mudzaisiye kutsidya kwa mtsinje, mugone kwa a mfumu, m'bandakucha mudzayende ndi atsikana athu mpaka ku sukulu. Pobwerera ndidzakuperekezani kuseri kwa shabini kuja, kenako ku zipupa za hositelo. Nsima mudzadya kwanga, ndiwo zake nkhwani wotendera.

Njerwa zotsala zilipo, tinaziphimba ndi udzu ndipo sizinawonongeke. Pa msonkhano wa makolo wa mwezi wathawu anthu agwirizana kuti mchenga atutanso, miyala aswanso. Chikusowa ndi simenti, malata, zitseko zokhala ndi maloko, ndi malipiro a metroni mmodzi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, mmodzi wa amayi a mother group